Mawu Amene Astrit Anapereka Pamanda

Woyamba kundiuza nkhani iyi ndi Aphunzitsi Sanije, amene anapuma ntchito kalekale koma akadali maso a theka la mudzi wathu. Mudabwa kumva choncho, chifukwa ine mwini ndili m'nkhanimo mpaka m'khosi. Koma ndinkangodziwa mbali yanga basi. Tsiku limene Sanije anayala makalata onse patebulo lake n'kundiwerengera motsatana ndi limene ndinaimva yonse, ndipo ndinalakalaka ikanakhala ya munthu wina.

Ine ndine Refik, wa mudzi wa pamwamba pa tawuni ya Gramsh, ku Albania. Kusukulu sindinapondeko, ndinakula ndi nkhosa. Koma cholowa m'khutu langa sichituluka, ndiye makalatawa ndikukuyalirani mmene ndinawamvera, Sanije yemweyo akulemba.

Astrit ndi mwana wa malemu mng'ono wanga Qemal. Anawoloka nyanja kupita ku Italy ali mnyamata, wopanda pepala lililonse. Qemal atamwalira, Astrit sanabwere kumaliro, chifukwa akanangotuluka m'dzikomo sakanalowanso. Ndinanyamula bokosi ndine pamalo pamene amanyamula mwana. Patapita zaka anapeza khadi lokhalira m'dzikomo mpaka kalekale, n'kuitanitsa mkazi wake Donika ndi kamwana kawo Erisa ku Modena, mzinda umene ankakhala. Mu Febuluwale 2008 amayi ake anadwala, iye n'kubwera. Pa 6 Malichi amayiwo anamwalira. Makalata ayambira pamenepo.

Modena, 2 Epulo 2008

Bambo a Erisa,

Moni kwa inu ndi onse kumudziko. Ife tili bwino. Erisa wagulula dzino lina, akamaseka akungofanana ndi bambo anu aakulu.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni simulankhula. Ndikudziwa kuti netiweki imangogwira pakhonde la nyumba ya khofi, ndipo ndimamva ndithu madoda akusiya kusewera domino kuti amvetsere. Mumangoti "eya, eya, zili bwino" ngati mukuyankha wapolisi.

Amayi mwawaika, Mulungu awalandire. Ine ndinalirira m'bafa la gogo amene ndimawasamalawa, kuopa kuwadzidzimutsa. Ndimati akakwana masiku makumi anayi mubwera. Koma dalaivala wobweretsa katundu wandiuza kuti munalumbira chinachake pamanda. Munalumbira chiyani? Abwana anu abwera kawiri, akuti matailosi sadziyala okha. Ndiuzeni zoona.

Ndine mkazi wanu,
Donika

Kumudzi, 19 Epulo 2008

Donika,

Moni. Ndili bwino. Umpsompsone mwana.

Zimene wamvazo n'zoona. Titatha kukwirira, bambo aakulu anagwira fosholo yanga n'kunena mokweza kuti, "Lero wakwirira, zikomo. Bambo ako tinakukwiririra ndife. Nanga sitima yako ndi ya mawa kapena ya mkuja?" Amuna onse anayang'ana pansi. Wina anaseka. Ndinaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti sindiwoloka nyanja mpaka nditadyetsa anthu chakudya chokumbukira amayi chikakwana chaka. Anati, "Wapereka mawu?" Ndinati ndapereka. Anati, "Mawuwo ali m'manja mwanga." Iwe ndiwe wa kuno, ukudziwa kuti wondimasula ndi iwo okha.

Za mapepala usade nkhawa. Khadi langa lilibe tsiku lothera, ndinalivutikira zaka khumi. Abwana uwauze apeze wina kwa kanthawi. Ine ndikukonza denga.

Astrit

Mawu amenewo ndinanenadi, sanandiwonjezere. Ndipo tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikudzimva wamtali. Miyezi yotsatira ndinkamuonetsa kwa aliyense ngati ng'ombe yogula kumene. Wakonza denga, wamanga mpanda wa manda, ndevu zamera. Ndinkati onani, Italy sanamudye yense.

Modena, 11 Novembala 2008

Bambo a Erisa,

Moni. Tili bwino, kwayamba kuzizira. Mukhale pansi musanawerenge.

Dzulo ndinapita ku ofesi ya bungwe la antchito kukakonzetsa pepala langa. Mayi wa pamenepo anafunsa za inu. Nditati muli ku Albania chichokereni Febuluwale, anavula magalasi. Akuti khadi losathalo limatha ndithu. Munthu akakhala kunja kwa mayiko a mgwirizano wa Ulaya miyezi khumi ndi iwiri yotsatizana, amamulanda. Safunsa ngati unali kumaliro kapena kuukwati, amangowerenga zidindo za m'pasipoti.

Inu munatuluka pa 10 Febuluwale. Chakudya cha amayi ndi cha pa 6 Malichi. Mwaona? Masiku makumi awiri ndi anayi okha ndi amene atiphe.

Sindikunena kuti muthawe. Mukwere sitima pa doko la Durrës, mutsike ku Bari, tsidya lino la Italy, akudindeni. Mubwere mugone kuno sabata imodzi, mwana akuoneni, mubwerere mukadyetse anthu. Basi. Pitani kwa bambo aakulu muwafotokozere, ndi munthu, ali ndi makutu. Erisa anamufunsa mphunzitsi wake ngati bambo amene sakhala pakhomo amawerengedwabe pa fomu. Mundiyankhe msanga, musachite zanu zija zogoneka kalata m'thumba la jekete.

Donika

Kumudzi, 20 Disembala 2008

Donika,

Moni. Pepani pochedwa. Ndimafuna ndikuyankhe nditalankhula nawo.

Ndayesa katatu. Kawiri mawu anandithera pakhomo pomwe. Kachitatu tinali m'munda wa mpesa. Nditangoti, "Bambo, ku Italy," anaimika lumo n'kuti, "Wayamba kununkhiza nyanja?" Ndinati ayi, ndimati ku Italy mpesa amadulira mochedwa. Anandiphunzitsa kudulira mpesa mpaka dzuwa kupendeka.

Usandiseke. Iwe sunaone mmene amandiyang'anira pa khofi zaka zonsezi ndikabwera. Chaka chino ndi choyamba kundisunthira mpando. Ndikapempha kuti andimasule, adzati ndathawa kachiwiri. Sindingathe. Mwina lamulolo salitsata kwambiri. Ngati ukuona kuti n'zofunika, alembere iwe. Mkazi akapempha si manyazi.

Astrit

Modena, 7 Januwale 2009

Kwa apongozi anga olemekezeka, bambo Refik,

Ndikupsompsona dzanja lanu. Ndikhulupirira kuti bondo lija laleka kuvuta m'chisanu chino. Ife tili bwino. Mdzukulu wanu akupereka moni.

Bambo, ndabwera ndi pempho, mundikhululukire kuti ndadumpha mwamuna wanga. Kuno kuli lamulo loti munthu akakhala kunja chaka chathunthu, khadi lake limafa. La Astrit lifa pa 10 Febuluwale. Likafa sadzaloledwa kulowa, ndipo ine ndi mwana tidzatsala tokha. Ndikupempha mumubwereke mawu ake kwa sabata imodzi yokha. Adzabwerera, ndikulumbira pa mutu wa mwana wanga. Chakudya cha amayi adzadyetsa ndi manja ake.

Ndaikamo pepala la ku ofesi lofotokoza lamuloli. Lili m'Chitaliyana, Astrit angakuwerengereni.

Mtengwa wanu,
Donika

Kumudzi, 18 Januwale 2009

Mtengwa,

Moni talandira. Bondo lili bwino, lakhala likundinyamula zaka makumi asanu ndi awiri popanda chilolezo cha Mtaliyana.

Kalata yako andiwerengera kawiri. Ine ndakalamba koma sindine mwana. Khadi la Astrit ndinaliona ndi maso anga, ndipo iye mwini anandiuza kuti n'losatha. Lero lafika pafupi tsiku la amayi ake, khadi layamba kudwala? Ndikudziwa kuti nyumba yopanda mwamuna imazizira. Amayi ako anadikira bambo ako zaka ziwiri ali ku usilikali, sanalembe kalata kwa aliyense. Iwe masabata asanu ndi awiri akukukanika?

Sabata imodzi ndimaidziwa ine. Qemal anauzidwanso kuti mwana akupita miyezi itatu yokha. Mawu sabwerekedwa ngati khasu, mtengwa. Komanso Astrit sanandipemphe kanthu. Amadya nane tsiku lililonse, ali ndi pakamwa. Akanakhala ndi vuto akananena, ndi mwamuna. Pepala lako lachitaliyana sindimuonetsa, ndisamusokoneze mutu ali pa chisoni.

Tikutumizira uchi ndi tchizi. Mwanayo umuphunzitse chilankhulo chathu.

Refik

(Ine Sanije ndalemba zimene andiuza. Ndawauza kuti lamulolo likhoza kukhala loona. Akuti zanga ndilembe m'kalata yanga.)

Mukuona mmene ndinkalankhulira? Ndinkalankhula bwino, eti? Ndinatuluka m'nyumba mwa Sanije ndikubwereza mawu a khasu aja, kenako ndinakawanena pa khofi, amuna n'kuseka mpaka kumenya patebulo. Astrit anali pomwepo. Anamwetulira pang'ono n'kuyang'ana m'kapu. Ine ndinati akugwirizana nane.

Pa 10 Febuluwale panadutsa ngati tsiku lina lililonse, tinali kudula nkhuni. Pa 6 Malichi tinapha nkhosa ziwiri, akazi anakanda haluwa, chotsekemera cha pa mwambo wotere, mudzi wonse unadya. Ndinaimirira pamaso pa anthu n'kuti, "Mwana wa Qemal, mawu ako ndakubwezera, ali oyera." Anandipsompsona dzanja. Patapita masiku atatu tinamuperekeza pa minibasi, chikwama chodzaza ndi mowa wathu wa rakiya ndi mtedza.

Modena, 24 Malichi 2009

Bambo Refik,

Moni. Sinditalikitsa. Astrit ali kuti?

Anandiimbira pa 9 kuti ali ku Durrës, akukwera. Ine ndi Erisa tinakamudikira pa siteshoni masiku awiri. Foni yake ndi yozimitsa. Ndinaganiza kuti wabwerera kwanu ndipo mwamugwiranso ndi mawu ena, koma dalaivala akuti kumudzi nonse mukuti ali kuno. Ndaimba kuzipatala. Ngati mukudziwa chinachake, chabwino kapena choipa, ndiuzeni. Mwana waleka kufunsa, ndipo zimenezo zikundiopsa kuposa kufunsa.

Donika

Apa ndiye pali chinthu chimene ndikanakonda Sanije asalembe, koma walemba kale. Atandiwerengera kalatayi ndinati, "Mwaona Aphunzitsi? Mkazi wa pakamwa chotere, mwamuna amatsika pa siteshoni ina. Mwina ali ndi wina ku Bari." Sanije anapinda kalata n'kundiuza kuti, "Refik, tuluka m'nyumba mwanga, khofi wako ukamwere kwina." Tinakula limodzi, koma anali asanandithamangitsepo.

Patapita sabata anandiitana yekha. Kalata inali itabwera pa dzina lake.

Durrës, 30 Malichi 2009

Aphunzitsi,

Moni. Ndili moyo. Ndalembera inu chifukwa ndinu amene mudzawerenge ngakhale ndilembere wina.

Ku Bari ndinafika. Wapolisi anatsegula pasipoti, n'kuwerenga miyezi pa zala ngati mwana wa sukulu. Anaitana mnzake. Ndinawauza za amayi, ndinawauza kuti ndayala matailosi m'dziko lawo zaka khumi ndi ziwiri. Wamkuluyo anati pepani chifukwa cha amayi anu. Khadi anatenga. Anandikweza sitima yomweyo imene ndinabwera nayo, ndi anthu omwewo otsuka pansi amene ndinawatsanzika m'mawa.

Kumudzi sindingabwere. Munandiperekeza ndi nyimbo. Donika sindingamuimbire, anandiuza mu Novembala. Ndikutsuka magalimoto kuseri kwa doko, kwa munthu wina wa ku Kavajë, ndimagona m'chipinda cha mapaipi. Rakiya ija ndinampatsa iyeyo.

Bambo aakulu muwauze kuti ndafika bwino. Iwo sanalakwe, ine ndi amene sindinatsegule pakamwa. Donika musamuuze.

Astrit

Sanije sanamvere. Tsiku lomwelo anakwera pakhonde la khofi, mayi wa zaka zake, pakati pa amuna, n'kuimbira Donika mokweza kuti aliyense amve. Domino inaima. Ine ndinakhala kunyumba masabata awiri, ndikunamizira bondo. Kenako inabwera envelopu yonenepa.

Modena, 14 Epulo 2009

Bambo Refik,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa, koma dzanja lanu lero sindipsompsona.

Ndalankhula naye pa foni ya mwini malo otsukira magalimoto. Njira ilipo. Pepala langa ndi lamoyo, ntchito ndili nayo, nyumba ilipo. Ndikhoza kumuitanitsa ngati mwamuna wanga, monga mmene iye anandiitanitsira ine. Zitenga miyezi yambiri, ndipo akafika adzayambanso ndi kapepala kakanthawi ngati mlendo. Ntchito ija abwana anapatsa wina. Koma adzakhala pakhomo.

Chofunika ndi fotokope ya pasipoti yake ndi chikalata cha ukwati wathu cha ku boma. Wakana. Akuti sangalowe m'dziko atagwira siketi ya mkazi, akuti pa khofi adzati Astrit wakwatiwa. Ndinamufunsa kuti Erisa ndimuuze chiyani, anadula foni.

Ine sandimvera. Amamvera inu, ngakhale musanalankhule. Ndaikamo makalata ake onse amene anandilembera. Anga ali m'kabati ya amayi, Aphunzitsi akawatenge. Akuwerengereni onse motsatana, musawadule pakamwa. Mukamva, muchite zimene mukuona kuti mkulu amachita.

Donika

Ndiye tsiku lija ndinanena poyamba ndi limeneli. Sanije anayamba nditangomaliza kudya chamasana. Atafika pa mpesa paja, pamene mwana anati ku Italy amadulira mochedwa, ndinamuuza kuti aime. Anati, "Mtengwa wati ndisadulidwe," n'kupitiriza. Ine tsiku la mpesalo ndimalikumbukira bwino lomwe. Ndinaona kuti mwana akufuna kunena chinachake. Ndinamutseka dala, chifukwa ndinkadziwa kuti akapempha ndi pakamwa pake ndivutika kukana. Kenako n'kulembera mkazi wake kuti sanandipemphe kanthu.

Makalata anatha. Sanije anati, "Ulemba yankho?" Ndinati ayi, makalata anga awononga zokwanira. Ndinatsika ku Gramsh masana omwewo, ndinapeza ofesi ya zikalata asanatseke, n'kutenga chikalata cha ukwati.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi yoyamba. Ku Durrës ndinafunsa malo otsukira magalimoto anayi, pa malo achisanu ndinamupeza. Anali atavala jombo za munthu wina, zazikulu, akupopera lole ya nsomba. Atandiona anataya paipi, madzi n'kumangothamanga pansi. Anapukuta manja pa buluku n'kuthamangira dzanja langa.

Ndinalibweza kumbuyo.

"Bambo, mundikhululukire," anatero. "Ndinakunamizani kuti ndafika."

"Khala chete. Lero ukandidula ndikumenya, ndevu zakozo sindiziopa." Mwini malo anali ataima chapafupi ndi madalaivala awiri. Ndinavula chipewa. "Tsiku la mpesa ndinadziwa. Kalata ya mkazi wako ndinaimva bwinobwino, pepala lake ndinakubisira. Ndinkafuna mudzi uone kuti nyumba ya Qemal ili ndi mwana, ndipo ndinalipira ndi nyumba yako. Wolakwa ndine."

"Bambo, valani chipewa, anthu akuona."

"Aone. Pamanda paja sankaona? Pasipoti ili kuti?"

Anayang'ana kumbali. "Zimenezo ayi. Adzati mkazi wandikwatira."

"Adzanena ndithu, ndimawadziwa, ndinawaphunzitsa ndine. Koma adzanenera ine, chifukwa ndine ndidzakhale nawo pa khofi. Iwe udzakhala ukuperekeza mwana kusukulu."

Dalaivala mmodzi, wonenepa, analowerera. "Achimwene, ngati simukufuna, mkaziyo aitanitse ine. Ndimadziwa kuphika."

Astrit anaseka mosafuna, kenako nkhope inagwa, anaphimba maso ndi mkono wonyowa uja. Tinamusiya. Mwini malo anakatseka madzi. Patapita nthawi analowa m'kachipinda ka mapaipi, n'kutuluka ndi pasipoti yokulunga m'pulasitiki ya buledi.

Malo a fotokope anali tsidya la msewu. Mtsikana wa pamenepo anafunsa kuti masamba ati. Astrit anati loyamba lokha. Ine ndinati onse, ndi la chidindo cha ku Bari lomwe, mtengwa asadzatibwezenso. Titatuluka ndinamupatsa envelopu kuti alembe adiresi, poti ine sinditha. Analemba, n'kufunsa ngati ndikufuna kuikamo mawu.

"Lemba kuti Refik wachita zimene unanena."

"Basi?"

"Lembanso kuti dzanja asapsompsone mpaka iwe utafika."